A Benado ndi mwana wopanda dzina

Mwezi uno chatha chaka chiwaikireni a Benado m'manda. Abale awo agwirizana zoti Loweruka likudzali tikalambule pamanda, ndipo a Esinati, mlongo wawo, anandiuza kuti ndidzanene mawu pang'ono. Ine pagulu pakamwa pamandiuma. Ndiye ndati bola ndilembe, wina adzawerenge.

Sindinali mbale wawo. Nyumba yawo ndi yathu zinangoyang'anizana, pakati panadutsa njira yopita kumsika wa ku Insaca. Koma kwa zaka zinayi ndinkakhala nawo pa benchi imodzi masana dzuwa likapendeka, akundiphunzitsa kulembera kompyuta malamulo. Pali ntchito ina imene tinaiyamba awiri. Sitinaimalize, ndipo ndi imene imandibwerera ndikamva dzina lawo.

Anali aatali, owonda, magalasi awo omangidwa kuseri kwa mutu ndi mphira wa chubu cha njinga. Asanakhudze kompyuta ankasamba m'manja, ngakhale atasamba kumene, kenako n'kuvundukula nsalu ya kapulana imene ankaifunditsa, n'kuipinda kanayi. Ankalemba ndi zala ziwiri zokha, mogogoda ngati akukhoma misomali, chifukwa manja awo anazolowera taipi yakale. Ndipo yankho lozungulira sankalilandira. Ukawauza kuti ubwera posachedwa, ankafunsa kuti posachedwa ndi nthawi yanji. Amayi a pamsika ankati kucheza ndi a Benado kuli ngati kuyankha mlandu.

Khalidwe limeneli anabwera nalo kuchokera ku Malawi. Nthawi ya nkhondo anathawira kumeneko monga makolo athu ambiri, ndipo kumsasa wa othawa, poti ankadziwa Chipwitikizi ndi Chingerezi pang'ono, anawakhazika pa taipi kuti azilemba anthu ofika. Ambiri sankadziwa tsiku limene anabadwa. Akuluakulu a ntchito anati aliyense wosadziwa azimulembera tsiku loyamba la chaka, mzere uziyenda. A Benado analemba. Analembera ngakhale mayi awo owabala. Nkhani imeneyi ankaikamba kawirikawiri, osaseka ayi. Ankati ndi zala zawo ziwirizo anabadwitsa mudzi wathunthu tsiku limodzi, ndipo anthuwo anabwerera kuno ndi bodzalo m'matumba, ena mpaka anafa nalo.

Atabwerako ankakonza mawailesi. Kompyuta inawapeza atakalamba kale, mutu wonse uli mbuu. Jaime, mwana wa a Esinati amene amagwira ntchito ku Cuamba, anawabweretsera yakale imene ena anaitaya, pamodzi ndi buku lophunzitsa kulemba mapulogalamu. Jaime ankaganiza kuti malume ake aziwonerapo zithunzi. Iwo anakhala ndi bukulo madzinja awiri, mpaka anapanga pulogalamu yawoyawo ya kaundula wa ana a m'dera mwathu.

Inalibe zithunzi, inalibe mitundu. Galasi lakuda, zilembo zoyera. Inkafunsa funso limodzi n'kudikira, kamzere kakang'ono kakuphethira pomwe uyenera kulemba. Dzina la mwana. Ukalemba n'kudina batani lalikulu lija la Enta, inkafunsa dzina la mayi, kenako tsiku, mwezi, chaka. Basi. Koma kwa ife chinali chinthu chachikulu. Makadi a kusikelo amanyowa, chiswe chimadya, ndipo ukapita kukatenga sedula, chikalata chija cha kubadwa chimene amachifuna kusukulu, amakufunsa tsiku lenileni. Amayi ankayamba adutsa kwa a Benado.

Ine ndinalowamo mwangozi. Ndinapita kukalembetsa mwana wa mkulu wanga, ndipo ndinaona kuti adumpha chilembo chimodzi m'dzina. Nditawauza, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kufunsa kuti sukulu ndinalekeza pati. Ndinati kalasi yachisanu. Iwo anati yakwana, khala pansi.

Phunziro lawo loyamba, limene ankalibwereza mpaka kutopetsa, linali lakuti kompyuta siimva, imangolandira. Chilichonse chimene munthu walemba imachitenga ngati zilembo zotungidwa pa ulusi. Ngakhale ulembe 7, kwa iyo si nambala ayi, ndi chilembo chabe, mpaka iwe wolemba pulogalamu uiuze kuti isandutse chilembocho nambala. Ndipo ukaiuza kuti isandutse nambala chinthu chimene si nambala, imagwa pomwepo. Choncho yankho la munthu, ankatero, uzilitenga ngati mpunga wochokera kumunda. Uyambe wapeta, uchotse mipata imene chala chasiya kutsogolo ndi kumbuyo, uone ngati ndi chimene unafunsa, ndiye usunge. Pa mwezi pokha anavutikapo masabata angapo, chifukwa kuno wina amati Marso, wina wobwera ku Malawi amati Malichi, wina amangolemba 3. Pulogalamu yawo inkazindikira zonse zitatu. Ukalemba tsiku limene mweziwo ulibe, inkakubweza.

Koma inkakubweza mwaulemu. Pamenepa ankalimbikira kwambiri. Ankati munthu akalakwitsa poyankha, nthawi zambiri wolakwa ndi amene wafunsa moipa. Tsiku lina ndinalemba uthenga wakuti "Walakwa" ndipo anandifufutitsa. Anati galasilo liziwerengedwa ndi amayi aakulu kuposa ine, liyambe ndi pepani, ndipo linene chimene likufuna. Mpaka lero m'maso mwanga ndimaona mzere uja wakuti, Pepani mayi, tsiku likhale nambala, tayesaninso.

Anthu sayankha ngati buku. Kunabwera a Mariamu, mayi wa ku Amaramba amene amagulitsa matemba, kudzalembetsa mdzukulu.

"Mwezi wanji?" anafunsa a Benado, zala zili m'mwamba.

"Mwezi uja bambo ake anagwa ndi njinga pamlatho, nsomba zonse m'madzi."

"Mayi, bokosili silimudziwa mkamwini wanu."

"Ndiye likudziwa chiyani? Mudzi wonse ukudziwa. Mpaka lero akutsimphina."

"Chimanga chinali potani?"

"Chinali chitamasula."

"Mango anali atatha?"

"Atatha kalekale. Kodi inu mukufuna kulemba mwana kapena mukufuna kulima?"

Anakokana choncho mpaka mwezi unapezeka, ndipo tsiku analipeza chifukwa linali Lachisanu loyamba, amuna ali kumzikiti. A Mariamu atapita, a Benado anandiuza kuti theka la ntchito ya pulogalamu limachitikira pa benchi, munthu asanakhudze batani.

Amene sankawaopa anali a Esinati. Iwo ndi mzamba, ambiri a ife anatilandira pobadwa, ndipo nyumba yawo ili kuseri kwa ya achimwene awowo. Ankakangana pa chilichonse, kaya nkhuku zolowa m'chipinda cha kompyuta, kaya waya wa sola wodutsa pomwe a Esinati amayanika chinangwa. Kompyutayo ankaitcha bokosi la mafunso. Ankati achimwene awo amadziwa masiku a ana onse koma sanagwirepo mwana wamagazi m'manja. A Benado ankabweza kuti mlongo wawo anagwira ana osawerengeka koma sangatchule tsiku la ngakhale mmodzi. Akatero ankadyera limodzi.

Tsopano ndinene za mizere itatu.

Mayi wina, pofuna kuyesa yekha, anadina Enta asanalembe dzina, ndipo m'kaundula munalowa mzere wosokonekera. A Benado zinawawawa ngati aluma mwala. Mawa lake anati lero uphunzira kuiuza kompyuta kuti izifunsanso. Ndinalemba ndine, iwo akunena, ndili ndi pathupi pa miyezi isanu ndi umodzi, mimba itagunda tebulo. Tanthauzo la mizereyo linali lakuti, yankho likakhala lopanda kanthu, bwereza funso, usapitirire. Poyesa, a Benado anadina Enta osalemba kanthu. Dzina la mwana. Anadinanso. Dzina la mwana. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Waona, Tereza? Ife anthu timatopa, timachita manyazi, timangolemba chilichonse kuti mzere uyende. Ichi sichitopa."

Ndinanyada tsiku limenelo. Ndinakauza bambo a kunyumba kuti ndapanga chinthu chosatopa.

Mwana wanga woyambayo anakhala masiku anayi. Anapita tisanatuluke m'chikuta, masiku aja mayi ndi khanda amabindikira m'nyumba kudikira kuti mchombo ugwe. Kwathu kuno dzina limaperekedwa potuluka. Wopita asanatuluke sapatsidwa dzina, saliridwa mokweza, amakamuika amayi okhaokha, ndipo pobwerako nkhani yatha. Anthu anandichitira zonse bwino. Palibe amene anamutchulanso, chifukwa panalibe chomutchulira.

Patatha mwezi ndinawoloka njira ija.

"Bambo, ndabwera kudzalembetsa mwana."

A Benado anasamba m'manja, anapinda kapulana kanayi, anayatsa. Galasi linafunsa dzina la mwana. Anatembenukira kwa ine monga ankachitira ndi mayi aliyense, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha asanatsegule pakamwa.

"Analibe," ndinatero.

Anadina Enta. Dzina la mwana. Anadinanso. Dzina la mwana. Sindikudziwa chimene ankayembekezera, poti ankadziwa kuposa ine kuti sichisintha. Funsolo linatsika mzere ndi mzere mpaka linadzaza galasi lonse.

"Ingolembani chilichonse, bambo. Lembani kuti Mwana."

"Ndikalemba pamenepa, limenelo ndiye dzina lake. Lidzatuluka pakati pa Mussa ndi Mwanaisha ngati kuti munthu wina anamutcha choncho. Ndinalemberapo anthu zabodza kuti mzere uyende, Tereza. Uyu ayi."

A Esinati anali ataima pakhomo, lichero lili m'manja.

"Achimwene, zimitsani chinthucho. Mwana uja sanafike. Wosafika salembedwa. Mukufuna kumuzunza mtsikanayu?"

"Anafika, achemwali. Ndinamumva akulira ndili pakhonde pano. Tsiku lake ndikulidziwa, sindikuchita kufunsa za mango."

"Ndiye mukamulemba adzuka?"

"Sadzuka."

"Nanga?"

A Benado anabwezera maso pa galasi lodzaza funso lija. A Esinati anatembenukira kwa ine, mawu atafewa, n'kunena kuti mwanawe, zinthu izi timazisiya kuti mimba ina idzabwere bwino. Ndinati ndamva, agogo. Koma sindinanyamuke. Sindinkafuna sedula, sindinkafuna kuti wina adziwe. Ndinkangofuna kuti pamalo pamodzi padziko pano palembedwe kuti tsiku lakutilakuti Tereza anabala mwana.

A Benado anazimitsa. Anati cholakwa si cha mwana, si cha bokosi, koma chawo, chifukwa analemba pulogalamu ngati kuti aliyense wobadwa amakhala mpaka kulandira dzina. Sanatchule kuti mizere itatu ija inalembedwa ndi zala zanga, ndipo sanatchulepo mpaka imfa yawo. Analonjeza kuti akonza. Pulogalamu iziyamba yafunsa ngati mwana anapatsidwa dzina, ndipo yankho likakhala ayi, isiye malowo opanda kanthu, ipitirire kwa mayi ndi tsiku.

Pakamwa zinali zophweka. Koma dzina linali ngati nsanamira ya pakati pa nyumba. Pofufuza mwana, pulogalamu inkayendera dzina. Posanja ana, dzina. Powerenga kaundula amene inasunga, inkadula mzere uliwonse zidutswa zisanu, ndipo choyamba chikasowa zotsalazo zinkasuntha, dzina la mayi n'kukhala la mwana, tsiku n'kukhala dzina la mayi. Anajambula zonsezi pa mapepala, n'kunena kuti tiyende pang'onopang'ono, tisawononge ana a eni.

Nyengo yozizira ya chaka chomwecho anagwa pakhonde akumanga waya wa sola. Kuchipatala anabwerako dzanja lamanja litafa, pakamwa patapotoka. Maso anali atayamba kale kuchita ng'ala. Mutu wokha unali wonse, ndipo chimenecho ndiye chinali chowawa. Njira yonse ankaiona m'mutu, koma mawu ankatuluka theka.

Ndiye tinasinthana malo, ine pa mabatani, iwo kumapeto kwa benchi. Tisanayambe ankaloza kafulashi, kachipangizo kosungira za m'kompyuta, kuti ndiyambe ndakoperamo kaundula ndi pulogalamu yakale monga anandiphunzitsira. Ankanena mawu awa, ine ndikumva ena. M'chilankhulo chimene ankalembera mapulogalamu, mipata ya kumayambiriro kwa mzere ili ndi ntchito, ndipo iwo sankaionanso. Ndinkaiwerenga mokweza, umodzi, iwiri, itatu, inayi, iwo akugwedeza mutu. Tikayesa, nthawi zina inkalola dzina lopanda kanthu, ine n'kuganiza kuti zatheka. Koma tikati isonyeze ana onse, inkaima pakati n'kulavula mizere ya Chingerezi. Ndinkawawerengera chilembo chimodzichimodzi. Ankamvetsera atatsinzina, n'kuyesa kundiuza pamene palakwika, ine osamva, kubwerezanso, ine osamva. Mapeto ake ankamenya tebulo ndi dzanja lamanzere, kenako n'kundigwira paphewa kupepesa. Tinkabwezeramo zakale za mu fulashi, kuti mayi wobwera mawa adzapeze mwana wake.

Tinachita zimenezi pafupifupi zaka ziwiri, osati tsiku lililonse, poti kunali kumunda, ndipo iwo masiku ena sankadzuka. Jaime atabwera anati iye amangodziwa kugwiritsa ntchito kompyuta, za m'kati mwake ayi. Mphunzitsi wina wachinyamata wa kusekondale anadzayang'ana, n'kunena kuti bwanji osangoika X, nkhani ithe. A Benado anamulozera khomo ndi dzanja lamoyo lija.

Ndisaname, masiku ena ndinkawakwiyira. Ine X ndikanamulandira. Kawiri konse ndinamulemba iwo akuwodzera pa benchi, chala changa chili pamwamba pa Enta, koma sindinadine. Ndikanadina, akanakhala kuti alephera, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inkawadzutsa pa mphasa. Ndinkafufuta, n'kudikira kuti adzuke.

M'kati mwa zaka zimenezo ndinabala Lusiya. Anatuluka m'chikuta bwinobwino, a Esinati atamunyamula. Tsiku lomulembetsa ndinalemba ndekha, ndipo pulogalamu inalandira dzina nthawi yomweyo, osabwereza. A Benado anamugwira kaphazi, n'kunditcha amake Lusiya koyamba. Kenako anapempha pepala ndi cholembera, anakhala nthawi yaitali akukoka zilembo ndi dzanja lamanzere, nkhope ili pafupi kukhudza pepala. Sanandionetse. Anapatsa mlongo wawo n'kuloza khoma, kuti akhomepo. A Esinati, poti sawerenga, anafunsa kuti palembedwa chiyani. Atawanong'oneza, anapinda pepalalo n'kulimangirira kunsonga ya kapulana yawo. Pakhoma silinafike, ndipo awiriwo sanayankhulane masiku atatu.

A Benado anamwalira m'mawa wa Lachiwiri, mvula yoyamba itangogwa. Dzulo lake tinali titayesanso, n'kubwezeramo zakale monga mwa masiku onse. Pamaliropo, a Esinati, amene zaka zonsezi sanasinthe mawu awo, anandikokera kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza motsitsa kuti iwo akumukumbukira mwana uja, tsitsi lambiri, chala chaching'ono cha kumanzere chopindika ngati cha bambo ake. Anati zimenezi sizilowa m'bokosi. Sindinadziwe ngati akunditonthoza kapena akupitiriza mkangano ndi achimwene awo.

Patatha mwezi Jaime anabwera pa shapa, minibasi ya kuno, kudzatenga kompyuta, poti katundu wa malemu ndi wa abale. Anandisiyira fulashi, ili m'chitini chimene ndimasungamo singano, ndipo ndilibe poilowetsa. Asanazule mawaya ndinapempha kuti ndiyatse kamodzi. Dzina la mwana. Ndinadina Enta. Dzina la mwana. Ndinazimitsa ndekha.

Dzulo a Esinati ananditsegulira chipinda cha kompyuta chija kuti tione zofunika kusesa Loweruka. Tebulo lilipo, pakati pake pali malo a makona anayi pamene thabwa silinasuluke. Waya wa sola ukulendewera kudenga, nsonga yake atakulunga ndi pulasitiki. Beseni losambira m'manja lili chovundikira pansi, ndipo nkhuku yaikira kuseri kwake. Kapulana ija ili pa benchi, yopindidwa kanayi, fumbi lagwa mofanana kumene ndinkakhala ine ndi kumene ankakhala iwo.

Pakhoma, pamwamba pa tebulo, pali pepala lokhomedwa ndi msomali, mizere ya popinda yada ndi thukuta. Sindinafunse kuti analikhoma ndani, ndipo a Esinati ankayang'ana nkhuku. Pali mzere umodzi wokha wa zilembo zopendama. Kutsogolo pali mpata wa zala zinayi wopanda kanthu, kenako Tereza, kenako tsiku, mwezi ndi chaka.

Chiswe chamanga kanjira kake kuchokera pansi, chatsala pang'ono kufika pa pepalalo. Ndinapala dothilo ndi chikhadabo. A Esinati anati chimabwerera, iwo amapala sabata iliyonse. Tinatseka chitseko, mpata uja tinausiya momwemo.